Mayi Constance Gordon-Cumming, Amene Adayenda Dziko ndi Utoto wa Madzi

Khalani pansi, adzukulu anga, ndikuuzeni za mayi wina wa ku Scotland amene adakhala ndi moyo kalekale, agogo a agogo anu asanabadwe. Dziko la Scotland si lachilendo m'makutu mwanu, pakuti n'kwawo kwa Livingstone, ndipo dzina la mzinda wa Blantyre lidachokera komweko. Za abusa ndi amalonda a kumeneko mudamva kale kusukulu. Lero mumve za munthu wamkazi amene ntchito yake inali kuyang'ana, n'kuika papepala zimene maso ake aona. Dzina lawo linali Constance Frederica Gordon-Cumming, koma abale awo ankangowaitana kuti Eka.

Adabadwa pa 26 Meyi 1837 pamalo otchedwa Altyre, pafupi ndi tauni ya Forres, kumpoto kwa Scotland. Linali banja la mwanaalirenji, la minda ikuluikulu ndi nkhalango zake. Bambo awo anali Sir William Gordon-Cumming, ndipo Eka anali mwana wa nambala 12 m'nyumbamo. Mayi awo, a Eliza, anali munthu wa luso la manja. M'dera limenelo muli miyala imene ukaiswa umapezamo mafupa a nsomba zimene zidafa dziko lidakali lanthete. A Eliza ankatolera miyala yotere, n'kumajambula nsombazo mosamala, mamba ndi minga yomwe. Katswiri wina wotchuka, Louis Agassiz, adachita kubwera kudzaona miyalayo, ndipo mtundu wina wa nsomba zakalezo adautcha dzina la mayiwo. Tsoka ilo, a Eliza adamwalira mu 1842, mwana wawo Eka asanakwanitse zaka zisanu. Mwanayo adakakulira kwa achibale ku England, nakaphunzira sukulu ku London. Mayi ake sadawaone nthawi yaitali, koma dzanja lojambula adatengera iwowo.

M'banja lomwelo munali mchimwene wawo wamkulu, Roualeyn, amene mbiri yake idamveka kwambiri masiku amenewo. Iyeyu anali mlenje. Adakhala zaka zisanu kumwera kwa Africa akupha mikango, njovu ndi zipembere, ndipo paulenje wakewo ankafika pakhomo pa Livingstone, nthawi imene Livingstoneyo ankakhala pakati pa Atswana. Atabwerera kwawo adalemba buku mu 1850, namaonetsa anthu zikopa, nyanga ndi minyanga. Adamwalira mu 1866 ku Fort Augustus, m'mbali mwa nyanja ya Loch Ness. Taonani tsono, ana a mimba imodzi, onse okonda kuyenda. Wina adayenda ndi mfuti, ndipo kumene wadutsa kunkatsala mitembo ya nyama. Mlongo wake adayenda ndi burashi, ndipo phiri limene wajambula linkatsala chilili, mbalame zake zikuimba monga kale.

Kuti mumvetse ntchito yawo, ndiyambe ndakuuzani za utoto umene ankagwiritsa ntchito. Ojambula ena amasakaniza utoto ndi mafuta, n'kumapaka pansalu. Utoto woterowo umachedwa kuuma, ndipo katundu wake ndi wolemera. Utoto wa madzi ndi wina. Umakhala timibulu touma, topangidwa ndi ufa wa mitundumitundu wophatikiza ndi utomoni wa mtengo, ndipo timibuluto timakwana m'kabokosi kolowa m'thumba. Wojambula amanyowetsa burashi, n'kukhudza kambulu, n'kupaka papepala lochindikala. Utotowo ndi wopyapyala, moti kuyera kwa pepala kumaonekera pansi pake, ndipo n'chifukwa chake chithunzi chotere chimawala. Pamene pakufunika kuyera, monga thovu la mathithi kapena mtambo, wojambula amangopasiya osapakapo kanthu. Amayamba ndi mitundu yowala, yakuda n'kubwera pambuyo. Akalakwitsa, zili ngati mchere m'ndiwo: ukachulutsa sungautolenso. Choncho munthu amayenera kuyang'anitsitsa ndi kuganiza asanatsitse dzanja. Kukatentha, utoto umauma burashi isanafike kumene ikupita. Kukachita chinyontho, pepala limakana kuuma, mwinanso kuchita nkhungu. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi si ya munthu wa phuma.

Mukumbukirenso kuti masiku amenewo makamera analipo kale, koma anali zimabokosi zolemera za magalasi osachedwa kusweka, ndipo zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera basi. Munthu wofuna kuonetsa anzake kufiira kwa duwa la kutali, kapena kubiriwira kwa nyanja imene sadaionepo, ankadalira wojambula pamanja.

Mayi Constance adayamba ndi za kwawo. Mu 1868 adakhala miyezi ingapo pachilumba cha Skye, kumadzulo kwa Scotland, akujambula mapiri a miyala yakuda ndi magombe a kumeneko. Chaka chomwecho chisanathe, m'bale wawo wina wamkazi amene anali ndi mwamuna wake ku India adawaitana kuti akacheze. Adanyamuka ali ndi zaka 31, nadzera ku Egypt. Ku India adaona mizinda yakale ndi akachisi a m'mbali mwa mtsinje wa Ganges, kenako adakwera ku Simla ndi kulowa m'mapiri a Himalaya. M'njira zoopsa za m'mapirimo ankagona m'matenti, ndipo pena ankanyamulidwa pamachila. Ulendo umenewu ndiwo udawalowetsa chilakolako choyenda chimene chidawagwira zaka khumi ndi ziwiri. Pambuyo pake adaufotokoza m'buku lotchedwa From the Hebrides to the Himalayas, limene lidatuluka mu 1876.

Atapumako pang'ono kwawo, kudabwera uthenga wochokera ku Ceylon, dziko limene lero likutchedwa Sri Lanka. Bishopu wa ku Colombo, Hugh Jermyn, adatumikirapo ku Forres, motero ankadziwana ndi banja lawo. Mayiwa adapita, nakhala kumeneko pafupifupi zaka ziwiri. Ankatsagana ndi bishopuyo pamaulendo ake oyendera mipingo, ndipo paliponse pamene aima iwo ankatulutsa pepala. Adajambula minda ya khofi, mabwinja a mizinda ya mafumu akale ndi maiwe ake aakulu, nakweranso phiri lopatulika la Adam's Peak, limene anthu a zipembedzo zosiyanasiyana amakapembedzako.

Ulendo umene udawatchukitsa kwambiri ndi wa ku Fiji, zilumba za pakati pa nyanja ya Pacific. Mu Okutobala 1874 mafumu a ku Fiji, motsogozedwa ndi mfumu Cakobau, adapereka dziko lawo m'manja mwa Britain. Bwanamkubwa woyamba amene adatumizidwa kukakhazikika kumeneko anali Sir Arthur Gordon, ndipo akazi ake adapempha Mayi Constance kuti awaperekeze. Adafika mu 1875, chaka chomwe sitima ya Ilala idalowa m'nyanja yathu ino. Adapeza dziko lili pamaliro. Kumayambiriro kwa chakacho chikuku chidalowa m'zilumbazo kudzera mwa anthu amene adaperekeza mfumu Cakobau ku Sydney, ndipo popeza nthendayi inali yachilendo kumeneko, idapha anthu pafupifupi 40,000. Midzi ina idatsala mabwinja, ndipo nkhalamba zambiri zodziwa miyambo zidapita nthawi imodzi.

Mayi Constance akadatha kungokhala pakhonde la nyumba ya bwanamkubwa ku Levuka, kumamwa tiyi ndi akazi anzawo. Iwo adasankha kukwera ngalawa ndi mabwato, kutsagana ndi mbusa wina wa mpingo wa Wesley, Frederick Langham, ndi akazi ake, poyendera midzi ya m'zilumba ndi ya m'mphepete mwa mitsinje. Ankagona pamphasa m'nyumba za eni mudzi, n'kumadya zimene apatsidwa. M'mawa ankakhala pansi ndi kabokosi kawo ka utoto. Adajambula nyumba zaudzu za madenga aatali, mabwato a matanga, mitengo ya kokonati ndi mapiri. Adakondanso kwambiri ntchito za manja za amayi a kumeneko: miphika ndi mitsuko youmba mwaluso, ndi nsalu za makungwa zolembedwa mizere yakuda ndi yofiirira. Ankatenga mtsuko umodziumodzi, kuujambula maonekedwe ake ndi zokongoletsa zake zonse. M'nyumba ya bwanamkubwa munalinso mnyamata wina, Anatole von Hügel, wokonda kutolera zipangizo za anthu a ku Fiji. Iyeyu pambuyo pake adakhala woyang'anira woyamba wa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa yunivesite ya Cambridge, ndipo zithunzi zambiri za ku Fiji za Mayi Constance zikusungidwa kumeneko mpaka lero. Anthu ofufuza mbiri ya Fiji amapita kukaziona pofuna kudziwa mmene midzi inkaonekera zaka 150 zapitazo.

Pano ndisakubiseni kanthu, adzukulu anga, chifukwa mbiri yokoma mbali imodzi ndi bodza. Mayiwa ankayenda pansi pa mthunzi wa ufumu wa Britain. Zitseko zinkawatsegukira chifukwa cha dzina la banja lawo ndi makalata a akuluakulu. Kumbuyo kwa chithunzi chilichonse kunali anthu opalasa bwato, onyamula katundu, ophika ndi omasulira, amene ambiri mayina awo sadalembedwe paliponse. M'mabuku awo mulinso mawu ena oweruza miyambo ya eni dziko monga ankaweruzira azungu a nthawi imeneyo. Zimenezo tizidziwe. Koma burashi yawo inali yoona mtima kuposa cholembera chawo. Pojambula mtsuko wa mayi wa ku Fiji sankauchepetsa kapena kuukometsera. Ankaupatsa ulemu wouyang'ana nthawi yaitali mpaka atauona mmene ulili.

Ali ku Fiji komweko adaolokera ku New Zealand kukacheza, ndipo kumeneko adaona chinthu chimene inu ndi ine sitidzachiona. M'mbali mwa nyanja yaing'ono ya Rotomahana munali akasupe a madzi otentha otuluka pansi. Kwa zaka zosawerengeka madziwo ankatsetsereka paphiri, n'kumasiya miyala yosalala yosanjikizana, yokhala ndi timaiwe ta madzi ofunda. Malo ena miyalayo inali yoyera mbee, malo ena yofiirira. Eni dziko, Amaori, ndiwo ankaperekeza alendo kumeneko. Mayi Constance adamanga tenti pafupi, nakhala masiku akujambula. Pa 10 Juni 1886 phiri la Tarawera lidaphulika usiku, lidapha anthu oposa 100, lidakwirira midzi, ndipo malo okongola aja adazimirira. Zimene zidatsala ndi zithunzi zimene anthu adajambula phirilo lisanaphulike, ndipo mwa izo muli za mayiwa. Pamene ankasungunula utoto wawo m'mbali mwa nyanjayo sankadziwa kuti akusungira zidzukulu chinthu chimene chatsala ndi zaka zosakwana khumi.

Mu 1877 mwayi wina udawapeza. Sitima yankhondo ya ku France yotchedwa Seignelay idaima ku Fiji itanyamula bishopu wa Katolika, Louis Elloy, amene ankayendera mipingo yake m'zilumba. Mkulu wa sitimayo adawaitana kuti akwere nawo. Taganizani, mayi mmodzi yekha, wa mpingo wina, pakati pa asilikali a pamadzi a dziko lina! Ambiri akadaopa zonena anthu, koma iwo adalongedza mapepala awo nakwera. Adaona Tonga ndi Samoa, nafika ku Tahiti mfumukazi Pomare itangomwalira kumene. Adatsagana ndi mfumu yatsopano paulendo wake wozungulira chilumbacho, ndipo adakhala ku Tahiti pafupifupi theka la chaka.

Kuchoka apo adafika ku California mu Epulo 1878, napita kuchigwa cha Yosemite. Kumeneko kuli matanthwe oimirira ngati makoma ofika kumitambo, mathithi ogwa kuchokera pamwamba pa mamita oposa 700, ndipo chapafupi pali mitengo ikuluikulu imene anthu khumi ogwirana manja sangaizungulire. Adapita ndi maganizo okhalako masiku atatu, koma adakhalako miyezi itatu. Ankadzuka kusanache kuti akapeze kuwala kwa m'mawa pathanthwe limene alisankha, ndipo ankakwera pahatchi m'tinjira ta m'mapiri kufunafuna poonera bwino. Adajambulanso misasa ya eni dziko a m'chigwamo, amene malo awo anali atayamba kale kulandidwa. Asanachoke adapachika zithunzi zawo kuti anthu okhala m'chigwamo adzaone, ndipo chimenecho chimatchulidwa kuti ndicho chionetsero choyamba cha zojambula m'chigwa cha Yosemite. Anthu amene ankadutsa pansi pa matanthwewo tsiku ndi tsiku adabwera kudzaona kwawo kudzera m'maso a mlendo. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Adapitirira ku Japan ndi ku China, ndipo mu 1879 adafika ku Hawaii, kumene adakwera phiri la moto la Kilauea najambula miyala yosungunuka ikuwira m'chidzenje chake. Koma pa zonse zimene adaona m'zaka zimenezo, chimene chidasintha moyo wawo adachipeza mumzinda wa Peking, umene lero timati Beijing.

Kumeneko adakumana ndi munthu wa kwawo, William Hill Murray. Bamboyu adabadwira m'banja losauka kufupi ndi Glasgow, ndipo ali mwana adaduka mkono pamakina ochekera matabwa. Adagwirapo ntchito yoyenda ndi makalata, akuphunzira payekha nthawi yopuma, mpaka bungwe la Baibulo la ku Scotland lidamutuma ku China mu 1871 kukagulitsa mabuku. Poyenda m'misewu ankaona akhungu ambiri akupemphetsa, ndipo zidamukhudza mtima. Ku Ulaya kunali kale njira ya Braille, yowerenga pokhudza timadontho totukuka papepala. Vuto linali lakuti Chitchaina sichilembedwa ndi zilembo zowerengeka monga zathuzi. Chili ndi zizindikiro zikwizikwi. Murray adatchera khutu, napeza kuti chilankhulo cha ku Peking chili ndi maphatikizo 408 okha. Phatikizo lililonse adalipatsa nambala yake, nambalazo n'kuzilemba ndi timadontho ta Braille. Mwana wakhungu akaloweza kuti nambala yakuti ndi liwu lakuti, ankatha kuwerenga ndi zala m'miyezi yochepa, pamene anzake openya ankatha zaka akulimbana ndi zizindikiro zija.

Mayi Constance adaona ndi maso awo ana amene adatoledwa m'misewu akuwerenga mokweza, zala zikuyenda papepala. Munthu amene moyo wake wonse udatsamira pa maso adamvetsa msanga kulemera kwa kukhala wopanda maso, ndipo nkhani ya anawo sidawachokenso mumtima.

Adabwerera kwawo mu 1880, ndipo maulendo aataliwo adathera pomwepo. Adakhazikika m'tauni ya Crieff, m'chigawo cha Perthshire, nayamba kusandutsa makalata ndi zolemba zawo za paulendo kukhala mabuku. At Home in Fiji lidatuluka mu 1881, A Lady's Cruise in a French Man-of-War mu 1882, Fire Fountains, lonena za Hawaii, mu 1883, Granite Crags, lonena za California, mu 1884, Wanderings in China mu 1886, ndipo Two Happy Years in Ceylon mu 1892. Zithunzi za m'mabukumo zinali zochokera pa zojambula zawo zomwe. Zonse pamodzi, zithunzi za utoto wa madzi zimene adajambula pa moyo wawo zidaposa 1,000, ndipo zambiri zidaonetsedwa m'mizinda ya ku Britain kwa anthu amene sakadatha kufika kumaiko amenewo.

Mbiri imene adaipeza ndi mabukuwo adaigwiritsa ntchito pothandiza sukulu ya Murray. Ankalemba m'manyuzipepala, kulembera makalata anthu achuma, ndi kusonkhetsa ndalama chaka ndi chaka. Adalemba kabuku kofotokoza ntchito ya pakati pa akhungu a ku China, kenako buku la moyo wa Murray ndi njira yake ya manambala. Murray adakonzanso njirayo kuti ithandize anthu openya amene sadapite kusukulu, polumikiza timadontho tija ndi mizere yakuda yooneka ndi maso, moti zidatheka kuti wakhungu aphunzitse wopenya kuwerenga. Mu 1900, pa chipolowe chothamangitsa alendo ku China, sukuluyo idaonongedwa, koma idadzukanso. Murray adamwalira mu 1911. Njira yake ya manambala idalowedwa m'malo ndi njira zina m'kupita kwa nthawi, koma sukulu ya akhungu ya ku Beijing ilipo mpaka lero, ndipo imawerenga chiyambi chake kuchokera kwa iye.

Mayi Constance sadakwatiwe. Mu 1904 adalemba buku la zokumbukira za moyo wawo, lotchedwa Memories, ndipo adamwalira ku Crieff pa 4 Sepitembala 1924, ali ndi zaka 87. Zithunzi zawo zidamwazikana m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku Britain, ku America ndi kwina, zina zili m'manja mwa anthu wamba.

Tsono mukafunsa chifukwa chimene ndakusimbirani za munthu wa kutali chotere, yankho langa ndi ili. Alipo ambiri amene adayenda maiko masiku amenewo, ena ofuna golide, ena minyanga, ena malo. Mayiwa chuma chawo chinali kudekha. Ankatha kukhala tsiku lathunthu pamaso pa phiri limodzi, kapena mtsuko umodzi, mpaka ataudziwa. Kudekha komweko ndiko kudawachititsa kuima pamene ena akadangodutsa, n'kuona ana akhungu a ku Peking ngati anthu oyenera kuwagwirira ntchito zaka makumi anayi. Munthu amene waphunzira kuyang'anitsitsa zinthu amaphunziranso kuona anthu.

Inu muli ndi mafoni ojambula chilichonse m'kuphethira kwa diso, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma musamangotola chithunzi n'kuthamangira china. Nkhokwe zoluka zikutha, mitsuko ya dothi ikulowedwa m'malo ndi zigubu, mitengo imene tinkapumirapo ikugwa, ndipo nkhalamba zodziwa mayina a zinthu zikupita. Khalani pansi muziyang'ane bwino, muzijambule, mulembe mayina ake ndi mayina a eni ake amene adazipanga. Ndipo mukadzakhala ndi ana anu, wina mwa iwo akamadzalemba zithunzi pansi ndi kamtengo kapena pakhoma ndi khala, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, musadzamukalipire kuti akutaya nthawi. Mudzamugulire pepala ndi utoto.